Nyenyezi Imodzi ya Nachisale

Mu ufumu wa Zilibwino munthu sadandaula asanayankhe moni. Mukampeza wina ali gone m'chipatala, diripi ili pamkono, n'kumufunsa kuti ali bwanji, amayankha kuti ali bwino, kaya inu. Za mutu, za msana ndi za mwendo wotupawo zimabwera pambuyo, ndipo wofuna kuzimva amayenera kukoka mpando. Vuto la kunyumba yachifumu ku Tiombemmanja linali loti kumeneko ankamva moni wokhawo, basi n'kuimirira.

Chaka chimene tikunenachi, mafoni a anthu anadzaza. Anadzaza ndi mavidiyo a kwaya, zithunzi za maukwati, mauthenga ammawa a maluwamaluwa aja, ndipo koposa zonse anadzaza ndi zolankhula za Mfumu Salakwa Wachiwiri. Lamulo linkati mawu alionse atsopano a Mfumu azilowa okha m'foni iliyonse ndi kulira okha seveni koloko mmawa. Tsoka lake Mfumuyo sinkadziwa kulankhula mwachidule. Ikapita kukatsegulira chimbudzi cha pamsika, nkhani inkayambira pa agogo ake.

Amene anabwera ndi mankhwala ndi a Gwedemula, Nduna ya Mafoni ndi Zina Zonse Zotchaja. Analamula kuti m'foni iliyonse muikidwe pulogalamu yosesa, imene anaitcha Tsache. Tsache linali ndi nzeru ziwiri zokha. Chilichonse chimene chatha chaka ndi chinyalala. Chilichonse chimene mwini foni sanachimvere mpaka kumapeto ndi chinyalalanso. Mmawa uliwonse linkatulukira pagalasi n'kufunsa kuti, "Ndisese?" Pansi pake panali mabatani awiri. Lina linali lalikulu, lobiriwira, lolembedwa kuti Sesa. Linalo linali kakang'ono ngati nsabwe, kobisala pakona, kolembedwa kuti Mawa. Ukadina lililonse mwa awiriwo, Tsache linkapempha kuti ulipatse nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu, ndi kulemba maganizo ako m'munsi.

Anthu a ku Zilibwino anaona msanga mmene zinthuzi zakhalira. Nyenyezi ndi moni, mawu a m'munsi ndiye nkhani. Choncho aliyense ankadina zisanu mwaulemu, kenako n'kukhuthula za kukhosi.

"Nyenyezi zisanu," analemba mphunzitsi wina wa ku Tidzaonamawa. "Landichotsera zithunzi zonse za ukwati wanga, landisiyira cha mbuzi ya aneba. Akazi anga akufunsa ngati ndinachita dala. Zikomo."

"Nyenyezi zisanu. Foni ikutentha moti ndikumasitira kolala ya malaya."

"Nyenyezi zisanu. Batire ikumatha ndisanamalize kulonjera apongozi."

"Nyenyezi zisanu. Kwaya yathu inali ndi nyimbo makumi anayi m'foni mwanga. Lamlungu tinaimba ziwiri zimene timakumbukira, kasanukasanu. Abusa akuti tipume kaye."

Kunena chilungamo, chinalipo chinthu chimodzi chimene anthu ankaliyamikira Tsache mochokera pansi pa mtima, ngakhale palibe analemba. Choyamba kusesedwa m'foni iliyonse zinkakhala zolankhula za Mfumu, pakuti panalibe munthu wamoyo amene anazimvera mpaka kumapeto.

Mawu a m'munsiwo ankawerenga munthu mmodzi yekha m'dziko lonse, a Kapalamula, mlembi wa bwalo, bambo wa imvi wosalankhulalankhula. Ntchito yawo inali yowerengera nyenyezi, koma maso alibe chotsekera. Tsiku lina anayesa kuuza Nduna kuti pansi pa nyenyezipo pali nkhani. A Gwedemula anawafunsa ngati boma linawalemba ntchito yoyang'ana pansi kapena m'mwamba, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Lolemba lina bwalo lalikulu linakumana. A Gwedemula anaimirira, nakonza tayi, nalengeza kuti chiyambire dziko palibe chinthu chinakondedwa ngati Tsache. Mvula yeniyeniyo, iwo anatero, anthu ena amaidandaula, koma Tsache ayi.

"Komabe, mwini dziko, alipo ena ochepa amene akumadina Mawa," anapitiriza. "Ife a unduna tafufuza ndipo tapeza kuti Mawa ndiye mdani wamkulu wa chitukuko. Misewu yathu sinathe chifukwa cha Mawa. Mlatho wa pa Wolokanipo sunayambike chifukwa cha Mawa. Tikachotsa Mawa m'mafoni, tachotsa Mawa m'dziko."

Nduna ya Misewu ndi imene inayamba kuomba m'manja, ndipo inaomba ndi mtima wonse. Mfumu inagwedeza mutu n'kulamula kuti kuyambira Lachisanu masana batani la Mawa lichotsedwe, Tsache lizisesa lokha osafunsa munthu. Inafotokoza lamuloli kwa maola awiri, ndipo Lachiwiri mmawa mafoni onse analira nalo.

Pamsika wa Ungogwira anthu anamva mutu wake wokha, n'kukwirira mafoni m'madengu kuti amalizire okha. Ambiri anangoti kaya, zotsala m'mafonimo zinali zochepa kale. Koma Nachisale, mayi wogulitsa ufa ndi nyemba pafupi ndi mpopi, anaiwala kuthira ufa mu mbale yoyezera mpaka wogula anachita kumukodola.

Mwamuna wa Nachisale, a Levisoni, anali kalipentala wokhoma malata. Anamwalira dzinja lapita lija atadwala masabata atatu okha. Sanali munthu wa zithunzi, ndipo foni ankaiona ngati chida choitanira misomali. Chimene anasiya ndi uthenga wamawu umodzi, wa masekondi khumi ndi anayi, umene anatumiza tsiku lina ali pantchito asanayambe kudwala. Nachisale ankaumvera mmawa uliwonse asanayale malonda. Uthengawo unali utatha chaka, ndiye kwa Tsache unali chinyalala. N'chifukwa chake chiikireni Tsache, Nachisale anali asanadinepo Sesa. Tsiku ndi tsiku ankasaka kabatani ka Mawa ndi nsonga ya chikhadabo, mtima uli m'mwamba kuopa kuphonya. Foni yake inali yodzaza moti inkatenga nthawi yophika nyemba kuti itseguke, koma iye analibe nazo ntchito.

Anasiyira mnzake dengu n'kupita pa benchi ya a Yotamu, wokonza mafoni, amene ankakhala pansi pa ambulera ya maswiti pakati pa mulu wa matchaja akufa.

"A Yotamu, mwamva zimenezi?"

"Ndamva, mayi. Theka lake."

"Ndiye mawu a bambo aja ndiwabise kuti? Muwaike mu kakhadi kaja."

"Kakhadi limasesanso. Limalowa paliponse ngati nyerere."

"Nanga titumize kwa achemwali anga?"

"Munatumiza kale mwezi watha, mwaiwala? Achemwali anu chala chawo n'chachangu. Anasesa tsiku lomwelo." A Yotamu anavula magalasi n'kupukuta ndi malaya. "Ine ndimakonza foni yogwera m'chitsime, mayi. Foni yogwera m'boma sindiitha."

"Ndiye Lachisanu basi?"

"Lachisanu masana. Mumvere kambirimbiri, mwina akhazikika m'mutu."

"M'mutu alimo kale. Ine ndimafuna m'khutu."

Nthawi yomweyo foni ya Nachisale inatseguka, Tsache n'kutulukira kupempha nyenyezi monga mwa masiku onse. Mayiyo anayang'ana nyenyezi zisanu zija zili ndandanda, nadina yoyamba yokha. A Yotamu anayang'ana uku ndi uku.

"Mayi, chala chaterereka. Bweretsani ndikukonzereni."

"Sichinaterereke."

M'munsi analemba mawu awiri okha: "Sindili bwino."

Lachitatu mmawa nyenyezi imodzi ija inafika ku Tiombemmanja, ndipo kunyumba yachifumu kunagwa chipwirikiti choposa cha chaka cha dzombe. Poyamba a Gwedemula anati ndi makina asokonekera. Kenako anati ndi adani akunja. Atamva kuti ndi mayi wogulitsa ufa, anapsa mtima kwambiri, chifukwa adani akunja amakhalako ndi ulemerero. Lachinayi galimoto ya unduna inabwera pamsika kudzamutenga. Amayi anzake anamuperekeza ndi maso, wina n'kumufunsa ngati nyembazo azigulitsa pa mtengo wakale akapanda kubwerako.

Bwalo linadzaza. Mfumu Salakwa inakhala pampando wake, foni yake yagolide ili pa katsamiro pambali. Nachisale anagwada, naomba m'manja mwaulemu wonse.

"Muli bwanji, mayi?" inafunsa Mfumu.

"Ndili bwino, mwini dziko, kaya inu."

"Mwamva!" anatero a Gwedemula. "Ali bwino. Wavomera yekha. Ndiye analemberanji bodza?"

"Umenewo ndi moni, bwana," anatero Nachisale. "Nkhani sindinayambe."

Anafotokoza za a Levisoni, za masekondi khumi ndi anayi, ndi za kabatani ka Mawa. Sanalire. Anati sakupempha zambiri, angomusiyira kabatani kake, azikadina yekha mpaka tsiku limene adzatope.

A Gwedemula anaseka kaseko ka munthu wophunzira. Anati Tsache linapangidwa ndi akatswiri, limadziwa kusiyanitsa chinthu chaphindu ndi chinyalala kuposa mwini foni. Chaphindu silikhudza. Ngati lafuna kusesa mawu a malemuwo, ndiye kuti, pepani, laona lokha.

"Mwina ndi umbuli wanga, bwana," anatero Nachisale. "Ife kumsika sitinaonepo likusiya chaphindu, kapena chifukwa tilibe. Ndimati mwina tionereko pa foni ya mwini dziko, poti m'menemo zonse n'zaphindu."

A Gwedemula anatsegula pakamwa, koma Mfumu inali itatambasula kale dzanja. Inali isanadinepo batani lililonse la Tsache, chifukwa foni yachifumu sinkafunsidwa mafunso. Komanso poti Mfumu sinkakhulupirira munthu, zolankhula zake zonse, mazana awiri ndi khumi ndi chimodzi, zinkasungidwa m'foni yagolideyo basi. Ngakhale a wailesi ankachita kubwereka.

"Mwini dziko, mwina tidikire kaye mpaka..." anayamba a Gwedemula.

"Mpaka liti, a Nduna? Mawa?"

Mfumu inatsegula Tsache, n'kudina Sesa ndi chala cha mphete. Kafumbi kojambula kanauluka pagalasi, kanyimbo kosangalala kanalira, ndipo panatuluka mawu akuluakulu amene a Kapalamula anauzidwa kuti awerenge mokweza.

"Zinyalala mazana awiri ndi khumi ndi chimodzi zachotsedwa. Foni yanu yapepuka. Tipatseni nyenyezi."

Zinadziwika tsiku limenelo kuti nayo Mfumu inali isanamverepo zolankhula zake mpaka kumapeto.

Zimene zinatsatira sitingazilembe zonse, poti ana amawerenganso. A Gwedemula anagwada pafupi ndi Nachisale, ndipo anagwada bwino kuposa iye. Amithenga anathamangira ku wailesi, ku maunduna, kwa akazi a Mfumu onse atatu, kufunsa ngati wina anasungako. Kulikonse yankho linali limodzi: Tsache linadutsa kale. Nduna iliyonse inalumbira kuti inkamvera mpaka kumapeto, kungoti foni ndi imene inalakwitsa.

Ndi a Kapalamula amene anatsokomola pang'ono n'kunena kuti, monga mwa mabuku awo, m'dziko lonse inalipo foni imodzi yokha imene sinasesedwepo chiikireni Tsache. Maso onse anatembenukira pa kafoni kong'aluka galasi kamene kanali pa chitenje cha Nachisale.

Munali zonse. Za chimbudzi cha pamsika zinalimo, za mlatho wosayambika zinalimo, ngakhale za maola anayi zija za tsiku lokumbukira kubadwa kwa ng'ombe yachifumu. Mtima wa Mfumu unakhala pansi, ndipo inalengeza pomwepo kuti mawu achifumu onse adindidwe chidindo chapadera, Tsache lisamawakhudze m'foni iliyonse mpaka kalekale. Inalamula a Kapalamula kuti atenge foni ya mayiyo akakopere zonse ndi kuzidinda lisanafike Lachisanu.

Nachisale anaombanso m'manja. "Nanga mawu a bambo aja, mwini dziko?"

Mfumu inamuyang'ana mokoma mtima ndithu. Inati ikumva chisoni, ndipo imupatsa satifiketi yaulemu. Koma lamulo la Lachisanu linalengezedwa kale, ndipo Mfumu ya dzina ngati lake singabweze mawu. Chidindo ndi cha mawu achifumu okha. Itatero inanyamuka kukadya.

Mu ofesi ya mlembi, Nachisale anakhala pa benchi kudikira foni yake, manja ali pamiyendo. Mkwiyo unali utamuthera, kunangotsala kutopa. A Kapalamula ankakopera mwakachetechete, akudinda chimodzichimodzi.

"Amatalika bwanji mawu a malemuwo?" anafunsa osatembenuka.

"Masekondi khumi ndi anayi, bambo."

"Ndingamvereko?"

Anamvera kamodzi. Kenako anati nawonso anali ndi vidiyo ya mwana wawo wamkazi akulandira digiri, ndipo anapereka nyenyezi zisanu tsiku limene Tsache linaisesa. Anamaliza ntchito, nabweza foni, namuuza kuti ayende bwino. Mu kaundula wa tsikulo analembamo kuti zolankhula za Mfumu zopulumutsidwa ndi kudindidwa ndi mazana awiri ndi khumi ndi ziwiri, chimodzi kuposa zimene zinasesedwa m'foni yagolide.

Tsono lamulo lija loti mawu achifumu amene anthu sanawamvepo azilira okha seveni koloko linali likadalipo. Ena amati a Kapalamula anaiwala zimenezi. Amene amawadziwa amati bambo amenewo sanaiwalepo ngakhale ambulera.

Lachisanu mmawa kunacha kotentha, mwezi wa Novembala uli pakati. Pamsika wa Ungogwira anthu anali atayala kale: ufa pamphasa, usipa pamatebulo, kaunjika pansi. Nachisale anafika mochedwa. Anali ataganiza zoti amvere uthenga wake komaliza pa nthawi yake, osathamanga, ndipo foni inali ikutsegukabe m'manja mwake. Seveni koloko itakwana, mafoni onse pamsika analira kalipenga kachifumu, anthu n'kuyamba kusaka madengu okwiriramo. Asanakwirire, panamveka kugogoda kwa hamala pa lata, kenako mawu a mwamuna, okhuthala, opumira m'mwamba pang'ono.

"Anachisale, ndili padenga pano, kummwera kwada bii. Muanule ufa uja, mvula ikubwera. Ine ndichedwerapo, musandidikire."

Basi, mafoni n'kukhala chete.

Msika wonse unaima. Anthu anagwedeza mafoni kuona ngati afa.

"Yatha?" anafunsa wogulitsa usipa.

"Yatha," anatero a Yotamu, amene anali atawazindikira mawuwo koma nkhope ili ngati sakudziwa kanthu.

"Mfumu yakwera padenga?"

"Kuti ione patali. Ndi ntchito yake."

"Koma mawu asintha. Akumveka ngati a munthu."

A Nachisale onse a mu ufumuwo, ndipo ndi ambiri, anadzidzimuka kumva kuti Mfumu imawadziwa ndi mfunda womwe. Amayi a mafuko ena anadandaula pang'ono za tsankho, koma ufa anaanula. Akaunjika analongedza, ausipa anafunditsa mapepala. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya Zilibwino, dziko lonse linamvera mawu achifumu mpaka kumapeto n'kuchita zimene anena. Isanakwane leveni koloko kummwera kunada, ndipo mvula yoyamba inagwa ya mkokomo, n'kupeza zonse zili m'nyumba.

Pofika masana nyenyezi zinali zikusefukira ku Tiombemmanja, ndipo ulendo uno mawu a m'munsi ankagwirizana ndi za m'mwamba. "Zachidule, zomveka, zoona," analemba mphunzitsi uja wa mbuzi. "Tsiku lina adzatiuzenso za mphepo." A Gwedemula anawamvera mawuwo, nadziwa bwino lomwe kuti si a Mfumu. Koma anayeza kulemera kwa kukauza Mfumu Salakwa kuti mawu ake okondedwa kuposa onse ndi a kalipentala, n'kuona kuti khosi lawo silingasenze. Anakalengeza kuti mwini dziko walosera mvula. Mfumu inati ikukumbukira ndithu tsiku limene inakwera padengapo, ndipo inalamula kuti mawuwo azibwerezedwa mmawa uliwonse mpaka dzinja lithe.

Thwelofu koloko kabatani ka Mawa kanazimirira m'mafoni onse monga mwa lamulo. Tsache linalowa m'foni ya Nachisale n'kusesa zonse zimene linapeza: mavidiyo a kwaya, maluwa a mmawa, zithunzi za nyemba. Linafika pa masekondi khumi ndi anayi aja, linaona chidindo, n'kulambalala.

Nachisale anali atakhala pakhonde la sitolo pamodzi ndi amayi anzake, matumba a ufa ali kumbuyo kwawo ouma bwinobwino, madzi akutsika m'malata. Mmawa uja, pamene mawu a mwamuna wake anatuluka m'mafoni mazana atatu nthawi imodzi, iye anakhala pansi pomwepo pafumbi. Anzake anayesa kuti ndi ulemu kwa Mfumu. Tsopano mayi wa tomato amene anakhala naye pafupi ankabwereza uthengawo kachitatu, akupukusa mutu.

"Koma abale, Mfumu yathu kukoma mtima. Mpaka kutiuza kuti tisaidikire."

Foni ya Nachisale inanjenjemera. Linali Tsache, likupempha nyenyezi. Anadina imodzi yomwe ija, nabweza foni pachitenje.

"Tabwerezaninso, achemwali," anatero.

Mayi wa tomato anadinanso. Hamala inagogoda, a Levisoni ananena zawo zonse mpaka pa musandidikire. Nachisale anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kuyankha motsitsa, monga ankayankhira mmawa uliwonse.

"Ndamva, bambo. Ndaanula."